Chitini Chobiriwira cha a Sajeni

Aise, wabwera? Khala apa, foniyo uigwire bwino, data ikakuthera pakati usandinene ine. Lero ndikutengera kwathu kunsi kwa Michesi, kumene mayi wina anagubitsa mudzi wonse atasenza chitini pamutu.

Namondwe Freddy atadutsa, phiri litatsitsa miyala ndi matope, milatho inapita. Asilikali anabwera kudzathandiza, ndipo pabwalo la sukulu ya m'mudzi mwa mayiyo, a Rozaria, anakhomapo matenti atatu n'kutsegula chipatala. Ankati akhala milungu ingapo basi. Anakhala chaka ndi miyezi.

Chipatala chimenecho chinali ndi mwambo wake, osati zamasewera. Ukafika m'mawa, buku lako la kuchipatala uliike pamzere, ulipsinje ndi mwala. Amayi kumanzere, abambo kumanja, wa mwana wodwala kutsogolo. Wezulo ikalira, aliyense aime kuseri kwa buku lake. Woimba wezuloyo anali Sajeni Ethel, namwino wa asilikali, mayi wamfupi ngati mtondo koma mawu ake ankamveka mpaka kuchigayo.

"Yasamani! Mezani! Tulutsani lilime ndione!"

Anthu ankameza, ena asanadziwe n'komwe kuti akudwala chiyani.

Koma amene anachikonda chipatalachi kuposa onse anali a Laston, amuna awo a Rozaria, katswiri wa gule wa tchopa komanso wa bawo. Tsiku lina anagwa m'munda wa nandolo, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanzere litalefuka. A Rozaria anawathamangitsira kumatenti pa njinga ya eni ake. Sajeni anapeza kuti ndi bipi, inali itakwera ngati mtengo wa feteleza. Anawasamalira mpaka pakamwa panabwerera m'malo, kenako anawaletsa tchopa n'kuwalamula kuti m'mawa uliwonse, seveni koloko, azifika kudzamwa piritsi. Piritsilo linkachokera m'chitini chachitsulo chobiriwira. A Laston ankaima njo, sawasha pachipumi, n'kumeza. Sanaphonyepo ngakhale tsiku la maliro.

Ndiye zinthu zabwino sizikhalitsa. Lamulo linabwera kuti ntchito yatha, chipatala chitsekedwe. Malole anafika, matenti anagwetsedwa m'mawa umodzi wokha, pofika masana pabwalopo panangotsala udzu wofota ndi maenje a zikhomo. Sajeni analemba m'buku la aliyense kuti azikapitiriza kuchipatala cha boma, tsidya la mtsinje. A Laston sanapite kukatsanzika. Anagona m'nyumba atayang'ana kukhoma ngati awalanda mkazi.

A Rozaria ndiwo anapita. Chaka chonsecho ankasesa kumatenti ndi kutungira madzi popanda wowatuma, ndiye Sajeni pokwera lole anawaponyera chitini chija, chopanda mankhwala, wezulo ili m'kati.

"Musungiremo mchere, mayi! Ndipo bambowo asasiye mankhwala, mwamva? Akasiya, ulendo winawo sadzuka."

A Rozaria anasungiramo mbewu ya nandolo, n'kuchibisa kuseri kwa matumba.

Sabata yotsatira anawakokera a Laston kuchipatala cha boma. Anapalasa njinga maola awiri, mtsinje anawoloka nsapato zili m'manja. Kumeneko mzere unalibe mutu, unalibe mchira. Dzuwa litapendeka analowa kwa namwino, mtsikana wa ku Mzimba dzina lake Chawezi, wamawu ofewa ngati akunyengerera khanda.

"Pepani agogo, mwadikira kwambiri," anatero Chawezi. Anawerenga zimene Sajeni analemba, anathira mapiritsi m'kajumbo, anachonga pa kachithunzi ka dzuwa n'kulemba dzina. "Muzikamwa limodzi m'mawa uliwonse. Yendani bwino."

A Laston anayang'ana kajumbo, anayang'ana namwino.

"Basi?"

"Basi, agogo."

"Osandikalipira n'komwe?"

Panjira anayamba. "Mayi a Ufulu, awa ndi mankhwala a anthu wamba. Opanda mwambo. Wopereka yemwe akuti pepani, nanga mankhwalawo akalowa m'thupi akawauza chiyani matenda? Pepani tulukani?"

Atafika kunyumba anasomeka kajumboko kudenga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndipo usaganize kuti anali a Laston okha. Mudzi wonse unagwirizana kuti mankhwala enieni anapita ndi malole. Chawezi uja ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pamwezi, Lachinayi lomaliza, kudzachititsa chipatala choyendayenda pa sukulu pomwe panali matenti. Ulendo woyamba kunafika anthu anayi. Awiri anabwera kudzaona njinga.

A Rozaria anayesa zonse. Anasinja piritsi n'kuthira m'phala. A Laston analawa kamodzi n'kunena kuti, "Phalali ladutsa ku boma." Anamuimbira Ufulu, mwana wawo wa ku Joni, kuti awalankhule bambo ake pa foni. Bambo ndi mwana anacheza za mpira mpaka mayunitsi anatha. Anapita kwa akulu a mpingo, akulu a mpingo anati nawonso asiya awo.

Patatha milungu iwiri mutu unayamba. Maso anafiira. M'mawa wina a Laston akumwa tiyi, kapu inangopulumuka m'dzanja lamanzere lija, khoo, pansi. Iwo anaseka, akuti inali yotentha. A Rozaria sanaseke. Anatola kapuyo, mawu a Sajeni akulira m'khutu: ulendo winawo sadzuka.

Masana omwewo, akusuntha matumba kufuna lichero, anakhudza chitsulo chozizira. Anachikoka. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhuthula nandolo m'mbale, anapukuta chitini ndi nsonga ya chitenje, anakwera pampando n'kusolola kajumbo kudenga. Mapiritsi anawakhuthulira m'chitini. Kajumboko anakapinda n'kukaika pansi penipeni, poopa kuiwala kamwedwe kake.

M'mawa mwake, seveni koloko, a Laston ali chigonere, kunja kunalira wezulo. Priii!

Munthu anadzuka yekha asanadziwe kuti wadzuka. Anatuluka malaya atavala chakumbuyo. Pakhonde panali chitini chobiriwira, pambali pake a Rozaria, nkhope ili gwa.

"Bambo a Ufulu, tsitsani mawu. A Sajeni atumiza."

"A Sajeni?"

"Apatsira dalaivala wa lole ya nandolo. Akuti amva kuti mwasiya mankhwala, akwiya zedi. Akuti ndikuyang'anireni ine. Koma ndi chinsinsi cha usilikali, mukangouza munthu, atumiza anyamata adzachitenge."

A Laston anaima njo. Misozi inalengeza m'maso. Sawasha anaperekera chitini, osati mkazi ayi.

"Yasamani!" anatero a Rozaria. "Mezani! Tulutsani lilime!"

Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati, mayiwa anali asanalamulepo mwamuna wawo chinthu n'kuchitika nthawi yomweyo. Anamva kukoma, tisaname.

Masiku anayenda. Mutu unasiya. Maso anayera. Dzanja lija linayambanso kutola njere za bawo mwaliwiro, anzawo mpaka kudandaula. A Rozaria ankagona tulo. Koma aise, kupatsa munthu wa bawo chinsinsi kuli ngati kusungira madzi m'dengu. A Laston anapirira masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku la makumi awiri, mnzawo wa bawo, a Wyson, amene ankadandaula msana chaka chonse, anawafunsa kuti, "Achimwene, inu mwanenepa bwanji ife tikufota?" A Laston anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona. Kunong'ona kwa a Laston kumamveka kutsidya kwa msewu.

Lachinayi m'mawa a Rozaria anatsegula chitseko atanyamula tsache. Tsache linagwa.

Pabwalo pawo panali mabuku a kuchipatala, mizere iwiri yowongoka bwino, lililonse ndi mwala wake. Kumanzere amayi, kumanja abambo, a ana kutsogolo. Mzere unadutsa pa nkhokwe, unazungulira khola la mbuzi, unakafika kumsewu. Anthu anali chete, kudikira wezulo. A Laston anavala magambutsi ndi chipewa chawo cha tchopa cha nthenga, akuyendera mzere manja kumbuyo.

"Iwe, buku lako lapendekeka! Mayi a Ufulu, tulutsani katundu, anthu afika."

A Rozaria anawakokera pakona. "Si ndinati ndi chinsinsi?"

"Ndinauza Wyson yekha."

"Ndiye onsewa ndi a Wyson?"

M'chitini munali mapiritsi khumi okha, onse a bipi, onse a mwamuna wawo. Akagawa, mwana wa malungo amwa za bipi, mayi woyembekezera amwa za bipi, tsoka lenileni, ndipo a Laston mawa sakhala ndi chomwa. Akaulula kuti ndi a boma, a Laston asiya lero lomwe, kapu igwanso. A Rozaria analowa m'nyumba, anakhala pa thumba la chimanga, anapemphera mwachidule kwambiri. Ali chikhalire anamva patali kulira kwa njinga yamoto, ikukwera kulowera kusukulu. Lachinayi lomaliza!

Anamanga chitenje mwamphamvu, anasenza chitini pamutu, wezulo pakamwa, n'kutuluka.

Priii!

Mudzi wonse unaima njo.

"Lamulo la a Sajeni! Mankhwala a usilikali saperekedwa pakhomo pa munthu. Aperekedwa pamalo pake, pomwe panali matenti. Tolani mabuku! Miyala musasiye, mbuzi zanga zingapunthwe! Kutsogolo, guba!"

Ndipo anaguba, aise. A Rozaria patsogolo, chitini chikunyezimira padzuwa. A Laston pambali akukuwa, "Lefuti! Raiti! Lefuti!" pamene iwo eni akuponda raiti. A Wyson anaiwala kuti msana umawawa. Agogo ena anakwezedwa pa kabaza koma miyendo ikugubabe m'mwamba. Anyamata a pa gulosale anatulutsa mafoni. Agalu analowa mzere wa abambo.

Kusukulu Chawezi anali atakhala yekha pansi pa mtengo, katebulo patsogolo, mabokosi a mankhwala osatsegula, akuyang'ana foni. Atadzutsa mutu anaona chigulu chikubwera ndi miyala m'manja. Anaimirira n'kuyamba kufufuza makiyi a njinga.

"Imani!" Priii! "Mabuku pansi!"

Mizere iwiri inayalidwa patsogolo pa tebulo, miyala inapsinja mabuku. Chawezi anapuma. A Rozaria anatula chitini patebulo n'kuwerama ngati akupereka moni.

"Mwanangu, ndithandize. Uzitenga mankhwala ako, koma dzanja lizidutsa m'chitinimu. Usafunse."

Koma a Laston anali atafika kale, buku m'manja, woyamba pamzere ngakhale lamulo linkati a ana kutsogolo. Chawezi anatsegula bukulo, anawazindikira.

"Agogo aja a bipi! Mankhwala ndinakupatsani aja mukumwa?"

"Ayi mwanangu, usakhumudwe. Ako aja ali kudenga, akuopseza makoswe. Ine ndikumwa a usilikali, awo ali m'chitinimo."

A Rozaria anatsinzinira diso limodzi. Anatsinzinira linalo. Anatsokomola. Chawezi anaganiza kuti mayiwa nawonso akudwala. Ndipo namwino sangamve kuti wodwala akumwa mankhwala osadziwika n'kungokhala. Anatsegula chitini, anatola piritsi, analitembenuza. Anapisanso dzanja pansi, n'kutulutsa kajumbo kopindidwa bwino. Anakatambasula.

"Koma awa ndi malemba anga. Onani, Laston, limodzi m'mawa. Dzuwali ndinachonga ndine."

Maso onse anapita kwa a Laston. Ngakhale agalu anakhala pansi.

Woyamba kuphulika anali a Wyson. Anaseka mpaka anagwira mtengo. "Achimwene! Masiku onsewa mumaperekera sawasha mankhwala a pepani!"

Mzere wa amayi unagwa ndi phwete. A Laston anavula chipewa cha nthenga pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa mkazi wawo.

"Mayi a Ufulu. Dalaivala wa lole uja?"

"Kulibe."

"A Sajeni sanakwiye?"

"Sakudziwa n'komwe. Chitini anandipatsa kuti ndisungiremo mchere."

"Ndiye mwandivinitsa pamaso pa mudzi."

"Ndakuvinitsani, inde." A Rozaria sanatsitse mawu. "Kapu ija itagwa munati yatentha. Tiyi ndinathira ndine, anali wozizira. Ine ndinakunyamulani kamodzi m'munda muja, pakamwa pali kumbali, simukundidziwa. Kachiwiri sindikufuna. Kaya mundiseke, kaya mundikwiyire, bola muzikwiya muli moyo."

Phwete linazima. A Laston anayang'ana pansi, akupotokola nthenga. A Rozaria anadziwa kuti munthuyu akatembenuka n'kuyamba ulendo wa kunyumba, basi, piritsi sadzaligwiranso, ngakhale litabwera pa ndege ya nkhondo.

Chawezi anaona kuti zafika povuta. Anakumbukira zimene agogowa anafunsa tsiku lija, zoti bwanji sanawakalipire. Anakoka mpweya, anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Agogo! Khalani pansi! Pindani malaya!"

Mawu ake anatuluka ngati a mwanapiye amene akuphunzira kulira, koma a Laston anakhala. Thupi linazolowera. Chawezi anawakulunga chopimira pamkono, anapopa, anthu atazungulira ngati pali mpira. Anawerenga, analemba, kenako anatembenuza masamba n'kuonetsa.

"Apa ndi pomwe analemba a Sajeni anu tsiku lomaliza. Apa ndi lero. Yalero yatsika kuposa ijayo. A Wyson, inu oseka, bwerani muwerengere anthu."

A Wyson anawerenga mokweza, manambala onse awiri, ndipo kuseka kunawathera. Munthu wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti a bomawa amagwira?"

"Ndi amodzimodzi," anatero Chawezi. "Asilikali aja ankapereka omwewa."

A Laston anayang'ana chitini. Kenako bambowo anaimirira, anavala chipewa, anakonza kukhosi.

"Anthu inu simudziwa kanthu. Msilikali amabadwa ali msilikali? Amalowa ali munthu wamba, mwambo amakaupeza m'kati. Mapiritsi awa analowa m'chitini ali wamba, agonamo milungu itatu, amva wezulo m'mawa uliwonse. Amaliza maphunziro! Mayi a Ufulu, nthawi yadutsa, lero sindinamwe."

A Rozaria anatola piritsi. Anaimba wezulo.

"Yasamani!"

Anayasama.

"Mezani! Tulutsani lilime!"

Lilime linatuluka, loyera, pamaso pa mudzi wonse. Amayi analulutira. A Rozaria anapukuta m'maso ndi chitenje, akuti ndi fumbi la pogubira.

Kuyambira pamenepo Chawezi sanapume mpaka dzuwa kupendeka. Anapeza ana asanu a malungo, amayi atatu oyembekezera amene anali asanayambe sikelo, ndi a bipi asanu ndi awiri amene anasiya mankhwala tsiku lomwe malole anachoka. Aliyense akalandira kajumbo kake, ankakalowetsa m'chitini, kuwerenga mpaka teni, n'kukatulutsa. Chawezi anayesa kufotokoza kawiri kuti sizikusintha kanthu. Kachitatu anangoti, "Bola mukamwe." A Wyson anapempha kuti awo agonemo sabata yathunthu chifukwa msana wawo ndi wamakani. A Rozaria anati malo adzaza.

Pomaliza a Laston anabwereranso patebulo, mawu atatsitsa. "Mwanangu, nanga tchopa? A Sajeni anandiletsa."

"Muvine pang'ono. Koma chikatundu chija mumabereka kumsana, ayi."

"Tchopa wopanda katundu ndi tchopa?"

"Agogo!"

"Chabwino, bwana."

Pobwerera a Laston anafuna kulanda wezulo, akuti mkulu wa gulu ndi iwo. A Rozaria anailowetsa m'bulauzi.

"Mkulu wa gulu amene amaulula chinsinsi pa bawo? Inu ndinu wodwala. Yendani kutsogolo, ndikuoneni."

Mpaka pano, ukadutsa kumeneko seveni koloko m'mawa, umva priii kuseri kwa nkhokwe. Chipatala chija sichinabwerere, mlatho nawo tikudikirabe, ndipo wodwala mwadzidzidzi amawolokabe mtsinje pamsana pa mnzake. Koma Lachinayi lomaliza Chawezi amafika atamanga mabokosi awiri owonjezera pa njinga, ndipo akuti mawu ake ayamba kumveka mpaka kuchigayo.

Tsopano ndi nthawi yanu, iwe aise ndi nonse mwawerenga mobisala osapereka moni. Kwanu kuli ndani amene samwa mankhwala mpaka achitiridwe sewero? Munamupusitsa bwanji, ndipo munagwidwa tsiku lanji? Lembani m'munsimu momwe zinakhalira kwanuko, ndipo amene ali ndi a Laston akeake asabise, tikufuna timve kuti chitini chanu chinali chiyani.